Buku Losokedwa ndi Singano

Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuti buku ndi chinthu chofunika kuchisamala. Akalipeza pamphasa amalitola, nalinunkhiza, naliika kukamwa. Kenaka amakoka tsamba limodzi kuti amve kulira kwa pepala pong'ambika. Sachita zimenezi chifukwa cha mwano ayi. Pa msinkhu umenewu mwana amadziwa zinthu pozigwira ndi pozilawa, monga momwe wamkulu amazidziwira poziona ndi pofunsa.

Vuto ndi lakuti m'mabanja ambiri mabuku ndi ochepa. Mwina m'nyumba muli Baibulo kapena Qur'an, ndi buku limodzi la kusukulu limene mkulu wake wa mwanayo wabwereka. Palibe kholo limene lingalole kuti mabuku otere agwe m'manja mwa kamwana. Motero amawatsekera m'sutikesi kapena kuwatsomeka kudenga. Zotsatira zake ndi zakuti ana ambiri amakwanitsa zaka 6, nakayamba Sitandade 1, asanatsegulepo buku chibadwire. Ena sadziwa ngakhale kumene buku limayambira ndi kumene limathera, ndipo mphunzitsi amayamba wawaphunzitsa kagwiridwe ka buku asanawaonetse lemba loyamba.

Pali njira yochepetsera vutoli imene silira ndalama zambiri, ndiyo kusokera mwana buku la nsalu. Buku lotere siling'ambika msanga, likada limachapidwa, ndipo mwana angathe kugona nalo. Masamba ake sakhala ndi nkhani yolembedwa. M'malo mwake pa tsamba lililonse pamakhala chithunzi chosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu, ndiponso kanthu kena koti zala za mwana zichite: kumanga batani, kutsegula zipi, kupisa dzanja m'thumba, kapena kuvundukula phiko la nkhuku kuti aone chimene chabisala pansi pake.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1903 mumzinda wa London munakhazikitsidwa kampani yotchedwa Dean's Rag Book Company, imene inkasindikiza mabuku a ana pansalu m'malo mwa pepala. Chizindikiro chake chinali chithunzi cha agalu awiri akulimbirana buku ndi mano, koma bukulo osang'ambika. Patapita zaka zinayi, mu 1907, dokotala wamkazi wa ku Italy, Maria Montessori, anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Mwa zipangizo zake munali timatabwa tokhomedwa ngati felemu ya chithunzi, tokhala ndi nsalu ziwiri zolumikizidwa ndi mabatani kapena zingwe. Iye anaona kuti ana ankatha nthawi yaitali akumanga ndi kumasula mabataniwo popanda wowakakamiza, ndipo posakhalitsa ankayamba kuvala okha. Buku la nsalu la masiku ano linaphatikiza nzeru ziwirizi.

M'Chingerezi bukuli amalitcha quiet book, ndiko kunena kuti buku lokhazika mwana chete, chifukwa amayi amapatsa ana awo m'tchalitchi kapena pa ulendo wautali kuti asasokose. Ntchito imeneyo bukuli limaigwiradi. Mayi amene akudikira pamzere kusikelo ya ana, kapena amene wakwera basi kuchoka ku Ntaja kupita ku Liwonde, angayamike kukhala nalo. Komabe dzinali langotchula kaphindu kakang'ono. Phindu lalikulu limaoneka pamene bukuli lachititsa mwana kulankhula.

Nsalu yake

Ku Ulaya ndi ku America mabukuwa amasokedwa kawirikawiri ndi nsalu yotchedwa felt. Nsaluyi siombedwa ngati chitenje. Amaipanga potenga ubweya wa nkhosa, nkuunyowetsa ndi madzi otentha a sopo, nkuupsinja ndi kuufikisa mpaka ubweyawo utalukanalukana wokha. Masiku ano yambiri imapangidwa ndi ulusi wa pulasitiki. Popeza mulibe ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa, felt ikadulidwa simasuka m'mphepete. Munthu angathe kudula kansomba nkukasokerera pomwepo osapinda. Koma m'masitolo a kumidzi nsaluyi sipezeka, ndipo sipafunika kuidikira. Anthu a ku Machinga ndi Balaka ali ndi zipangizo zokwanira pafupi.

Boma la Balaka, limene linali mbali ya boma la Machinga kufikira mu 1998, ndi limodzi mwa maboma amene amalima thonje kwambiri m'Malawi muno. Mbewuyi imakonda malo otentha monga chigwa cha Shire, ndipo anthu a m'chigwachi anaidziwa kalekale. David Livingstone poyenda mumtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu pamanja. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre, niyamba kusandutsa thonje la alimi kukhala nsalu ndi zitenje. Lero nsalu zambiri za pamsika zimachokera kunja, zina zatsopano, zina za pakaunjika. Koma wosoka buku safuna nsalu yathunthu. Iye amafuna zotsala.

Pa Balaka, pa Ulongwe, pa Phalula, pa Liwonde ndi pa Nselema, pakhonde la sitolo pamapezeka telala ndi makina ake. Pansi pa makinawo pamagwa tizidutswa ta mitundumitundu: ta yunifolomu ya sukulu, ta zitenje za ukwati, ta mathalauza ofupikitsidwa. Tina telalayo amasunga kuti adzasokere zigamba, koma tambiri amasesa madzulo nkukataya kudzala. Munthu wopempha mwaulemu sabwerako chimanjamanja. Kunyumba nakonso sikulephera kupezeka malaya othina, sikipa yakale kapena bulangeti lobooka. Nsalu ya sikipa ndi ya bulangeti lofewa la pakaunjika zimafanana ndi felt pa chinthu chimodzi, chakuti sizimasuka kwambiri zikadulidwa. Nsalu ya chitenje ndiyo imafuna kupinda m'mphepete.

Nsalu zonse ziyenera kuchapidwa ndi sopo, kuyanikidwa padzuwa ndi kusitidwa ntchito isanayambe. Imene ikusuluka m'madzi itayidwe, chifukwa utoto umene watuluka m'beseni udzatulukanso m'kamwa mwa mwana. Zina zofunika ndi singano, ulusi wolimba, sizasi, choko cholembera pansalu, rula, mabatani akuluakulu, zipi yochotsedwa ku chovala chakale, ndi thonje pang'ono lochotsedwa njere.

Kasokedwe kake

Poyamba wosoka amadula nsalu zolimba zisanu ndi imodzi, iliyonse yotalika masentimita 42 m'litali ndi masentimita 22 m'lifupi. Pakati pa nsalu iliyonse amalembapo mzere ndi choko. Mzerewu ukusonyeza pamene buku lidzapindikire, kotero kuti nsalu imodzi ikunyamula masamba awiri, lina kumanzere, lina kumanja.

Zithunzi zimasokedwa nsaluzi zisanalumikizidwe. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, nayamba asoka buku lonse lopanda kanthu, kenaka nkumavutika kulowetsa singano m'masamba ochindikala. Chithunzi chimayamba chajambulidwa papepala, nkudulidwa, nkuikidwa pa chidutswa cha nsalu kuti wosoka atsatire m'mphepete mwake ndi choko. Ngati nsaluyo ndi yomasuka, amadula motalikirako pang'ono ndi mzere wa choko kuti apeze popinda. Msoko woyenera ndi uja wobwerera m'mbuyo, umene singano imabwerera kukalowa pamene msoko wapitawo wathera. Umachedwetsa, koma ulusi ukaduka pamalo amodzi msoko wonse sumasuka. Chithunzi chisafike pa mzere wa pakati kapena m'mphepete mwenimweni. Pasiyidwe mpata wa zala ziwiri kuzungulira.

Zithunzi zikatha, amatenga nsalu ziwiri nkuziyang'anitsa kumaso, ndiko kuti zithunzi zikhale mkati. Amasoka kuzungulira, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, nasiya kakhomo kokwana dzanja. Kudzera pa kakhomoko amatembenuza nsaluzo monga momwe amatembenuzira thumba, ndipo zithunzi zimatulukira kunja, mfundo zonse za ulusi zitabisika mkati. Kuti masamba asakhale olefuka amalowetsamo zidutswa ziwiri za bulangeti, chilichonse cha masentimita 18 mbali zonse, china kumanzere, china kumanja. Zidutswazi zisakhudze mzere wa pakati, chifukwa zikatero singano sidzapyola pomanga buku. Katoni siyenera kulowa m'buku lotere: imaoneka bwino tsiku loyamba, koma ikangonyowa imasanduka phala. Pomaliza amatseka kakhomo kaja, nasokanso kuzungulira tsamba lililonse kuti bulangeti lisamayendeyende mkatimo.

Nsalu zisanu ndi imodzi zija tsopano zasanduka zitatu zochindikala. Amazisanjikiza bwinobwino nkusoka pa mzere wa pakati kawiri kapena katatu. Akapinda, buku latha. Lili ndi masamba 12, kuwerengera chikuto cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, ndipo tsamba lililonse ndi la masentimita 20 mbali zonse. Telala wa makina angalumikize masambawa m'kanthawi kochepa. Wosoka pamanja, amene amapeza mpata madzulo okha akaweruka kumunda, angathe milungu ingapo.

Funso lofuna kuliganizira mofatsa ndi lakuti pa masambawo pasokedwe chiyani. Mabuku ochokera kunja amakhala ndi zimbalangondo, maapozi ndi nyumba zokutidwa ndi chipale chofewa. Mwana wa ku Utale sanazionepo zimenezi, ndipo agogo ake sangamufotokozere kanthu za izo. Chithunzi chabwino ndi chimene mwana angachiloze m'buku, nkutembenuka, nkuchilozanso pabwalo.

Tsamba loyamba lingakhale la nkhuku yathadzi. Phiko lake limasokedwa kumtunda kokha kuti lizitukuka, ndipo pansi pake pamabisala anapiye atatu achikasu. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka angathe kutukula phikolo kambirimbiri osatopa, chifukwa akuphunzira kuti chinthu chikabisika sichinathe, chilipobe. Tsamba lina lingakhale la mlambe, mtengo umene mwana wa ku Balaka amauona tsiku ndi tsiku. Pa nthambi zake pamasokedwa mabatani, ndipo malambe a nsalu okhala ndi kabowo amakolekedwa pamenepo kuti mwana azithyola ndi kubwezera. Lina lingakhale la bwato la pa Nyanja ya Chirwa, lokhala ndi zipi m'mimba mwake. Mwana akatsegula apezamo matemba ndi mlamba wofutukuka ndi thonje. Njovu ndi mvuu za ku nkhalango ya Liwonde nazo zimakoma pansalu, makamaka khutu la njovu likamakupiza. Sitima ya pamtunda, imene imadutsa pa Nkaya kulowera ku Nayuchi, ingakhale ndi mabogi asanu, lililonse ndi kathumba kake, ndipo mwana amayamba kuwerenga manambala osadziwa kuti akuphunzira masamu. Tsamba la nsapato yomanga ndi zingwe likhale lomalizira, popeza ndilo lovuta koposa, ndipo ana ambiri amalikwanitsa atapitirira zaka zinayi.

Tsamba limodzi likhale ndi ntchito imodzi basi. Wosoka waluso amakopeka kudzaza tsamba ndi zokongoletsa, koma maso a mwana wamng'ono amasokonezeka zinthu zikachuluka.

Chenjezo

Buku losokedwa mosasamala lingathe kupha mwana. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse kukamwa, ndipo njira yake ya mpweya ndi yopapatiza. Batani laling'ono likathothoka angathe kutsamwa nalo. M'maiko amene ali ndi malamulo oyang'anira zidole, amayesa tizidutswa ndi kachubu kotambalala masentimita atatu ndi pang'ono. Kanthu kakalowa konse m'kachubuko, sikaloledwa pa chidole cha mwana wa msinkhu umenewu. Wosoka wa kumudzi atsatire muyeso womwewo. Ngati mabatani akulu chotero palibe, apange ake podula nsalu yochindikala mozungulira nkuisoka mosanjikiza. Mikanda, nyemba, chimanga, mapini ndi mawaya zisalowe m'bukumo konse.

Tinsomba ndi malambe zochotseka zimangiriridwe ku tsamba ndi kachingwe ka nsalu kuti zisatayike, koma chingwe chilichonse chisapitirire masentimita 20, kuopa kuti chingazinge khosi. Buku lisanaperekedwe kwa mwana, munthu wamkulu akoke mwamphamvu chinthu chilichonse chimene chasokedwapo, ndipo achite chimodzimodzi nthawi iliyonse bukulo likachapidwa. Ngati muli nsalu za nayiloni, bukulo lisayandikire moto, chifukwa nayiloni imasungunuka nkumatirira pakhungu.

Buku ndi munthu

M'midzi yambiri ya ku Machinga ndi Balaka muli sukulu za ana aang'ono zimene anthu amazitcha mkombaphala, kapena sukulu za mmera mpoyamba. Sukulu zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi zoterezi zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zinachuluka pamene matenda a Edzi anasiya ana ambiri amasiye. Mu 2003 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono. Alezi ambiri a m'sukuluzi amagwira ntchito mongodzipereka, ena pansi pa mtengo, ena m'tchalitchi kapena m'kanyumba ka udzu, ndipo zoseweretsa zambiri amapanga okha: mipira ya mapepala a pulasitiki, zidole za dongo, magalimoto a mapesi. Buku la nsalu limalowa bwino m'gulu limeneli.

Koma kodi kupatsa ana zipangizo kokha ndi kokwanira? Kuyambira mu 2011 boma la Malawi, mothandizana ndi World Bank ndi bungwe la Save the Children, linachita kafukufuku m'sukulu zoterezi 199 za m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Sukulu zonse zinalandira zoseweretsa ndi zipangizo zophunzirira. Zina zinalekera pomwepo. Kwina alezi anapatsidwa maphunziro. Kwina anapatsidwa maphunziro ndi kandalama ka pamwezi. Ndipo kwina, kuwonjezera pa maphunziro a alezi, makolo nawo ankasonkhana kuphunzira njira zosewera ndi zolankhulira ndi ana awo kunyumba. Patapita miyezi 18, ana amene anaposa anzawo pa chilankhulo ndi pa kukhala bwino ndi ena anali a gulu lomalizali, kumene makolo anatengako mbali. Patapita miyezi 36, ana ambiri atalowa sukulu ya pulaimale, kusiyanako sikunaonekenso.

Zotsatira zimenezi ndi zofunika kuzimvetsa bwino. Zipangizo zinali m'sukulu zonse, koma kusintha kunaoneka kumene munthu wamkulu ankakhala pansi ndi mwana kusukulu ndi kunyumba komwe. Ndipo kuzimirira kwa kusiyanako kukuchenjeza kuti ntchito ya miyezi yowerengeka siingamunyamule mwana mpaka kalekale ngati palibe woipitiriza. Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo chimene chimaudyetsa, pambali pa chakudya chabwino, ndi mawu amene akumva ndi amene akuyesa kuyankha.

Choncho wowerenga ndi mwana amamukhazika pamiyendo, namusiya kuti atsegule yekha. Safulumira kumuuza mayankho, koma amafunsa.

"Ichi nchiyani, mwanawe?"

"Nkhuku."

"Eya, nkhuku yathadzi. Nanga ana ake apita kuti? Tatukula phikolo tione."

"Awa!"

"Wawapeza! Tiye tiwawerenge. Mmodzi, awiri, atatu. Kodi anapiye amalira bwanji?"

Mwana wanena mawu awiri okha, koma wamva ambiri, ndipo mawa adzanena anayi. Akafuna kubwereza tsamba lomwelo kasanu, amulole. Akagwira buku chadodolido, amutembenuzire mofatsa osamukalipira.

Buku lopanda malembo lilinso ndi ubwino wina m'maboma awiriwa, kumene mabanja ambiri amalankhula Chiyao, ena Chilomwe, ena Chichewa. Tsamba limene mlezi akulitchula kuti nkhuku, nsomba, madzi ndi dzuwa, agogo kunyumba adzalitchula kuti nguku, somba, mesi ndi lyuwa, ndipo onse alondola. Ngakhale kholo limene silinapite kusukulu lingathe kuwerenga bukuli kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, nkuwonjezapo nthano ya kalulu ndi njovu imene wosoka sanaiganizire nkomwe. Ana a sukulu okulirapo, anyamata ndi atsikana omwe, angathenso kusokera ang'ono awo ndi kuwawerengera akaweruka. Kusoka si ntchito ya akazi okha. Matelala ambiri a m'makonde a sitolo ndi abambo.

Kumkombaphala, kumene ana ambiri amagwira buku limodzi, lizichapidwa ndi sopo mlungu uliwonse ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka bulangeti la mkati litaumiratu, chifukwa likasungidwa lonyowa limachita nkhungu. Mwana amene ali ndi chimfine kapena matenda a maso akaligwira, lichapidwe tsiku lomwelo lisanapite kwa mnzake. Pa nyengo ya dzinja ndi bwino kukhala ndi mabuku awiri, kuti lina likamauma lina likhale m'manja mwa ana.

Mawu oti muwadziwe

kutsomeka, kuomba nsalu, kusuluka, msoko, chikuto, kutsamwa, mlezi, chadodolido

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani makolo ambiri amabisa mabuku kuti ana aang'ono asawagwire?
2. Kodi chizindikiro cha kampani ya Dean's Rag Book Company chinkatanthauza chiyani?
3. Fotokozani kusiyana kwa nsalu ya felt ndi ya chitenje.
4. Nchifukwa chiyani zithunzi zimasokedwa masamba asanalumikizidwe?
5. Tchulani zinthu zinayi zimene siziyenera kupezeka m'buku la mwana wosakwana zaka zitatu.
6. Mu kafukufuku amene anayamba mu 2011, ndi ana a gulu liti amene anachita bwino patapita miyezi 18? Nanga patapita miyezi 36 chinaoneka nchiyani?
7. Kodi mwambi wakuti "mmera mpoyamba" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu awa: kusuluka, kutsomeka, chadodolido.

(b) Ngati nsalu zitatu zochindikala zikupereka masamba 12, pangafunike nsalu zochindikala zingati kuti buku likhale ndi masamba 20?

(c) M'magulu a anthu anayi, jambulani papepala tsamba limodzi la buku la nsalu losonyeza chinthu chopezeka m'dera lanu. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza chimene zala za mwana zidzachite pa tsambalo, ndi mafunso awiri amene mungamufunse.